KULEMA KWA MTIMA PA NCHITO, NDI NJIRA YOPEZERA NCHITO YOKONDWERETSA

 Madzulo ano tikambirana za kulema. Mwina wina ati, "Kodi kulema n'chinthu choti munthu achite kutiphunzitsa? Tonsefe tikudziwa." Zoonadi, koma kulema kuli kwa mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri asokoneza mtundu wina ndi unzake.

Mlimi akalima kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka, msana umuwawa ndipo manja achita matuza. Koma akasamba, nadya nsima, nagona, m'mawa adzuka ndi mphamvu zatsopano, napita kukaona munda wake ali wokondwa. Kumeneko ndiko kulema kwa thupi, ndipo mankhwala ake ndi tulo. Koma kulipo kulema kwina kumene tulo sitikuchotsa. Munthu agona usiku wonse, nadzuka ali wolefuka monga anagonera. Akangokumbuka kuti lero ndi Lolemba, mtima wake ugwa pansi. Kumeneku ndiko kulema kwa mtima, ndipo ndiyo nkhani yathu.

Inu a ku Chitungwiza mudziwa bwino makhalidwe a mudzi wanu. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo tsopano mukhala anthu oposa 350,000. Ambiri a iwo angogonamo, koma nchito agwira ku Harare, mtunda wa makilomita monga 25. Munthu adzuka kukali mdima, nakaima pa mzere wa makombi pa Makoni, nayenda mu Seke Road ana ake akali m'tulo. Pobwera madzulo apeza ana agona kale, ndipo mwina ayenera kukaimanso pa mzere wa pa mjigo chifukwa m'mipope mulibe madzi. Akatero zaka khumi, nchito yake iri yosamkondweretsa, tisadabwe tikamuona atasanduka munthu wina.

Dzina la vuto limeneli m'Chingerezi ndi burnout, ndiko kunena kunyeka kufikira kutsala phulusa lokha. Amene anayamba kulifotokoza bwino ndiye Herbert Freudenberger, katswiri wa za maganizo wa ku New York, m'chaka cha 1974. Iye anaona anthu amene anadzipereka kuthandiza odwala pa chipatala chaulere: anayamba ndi changu chachikulu, koma patapita miyezi anasanduka olefuka ndi okwiya msanga. Pambuyo pake mai wina wophunzira kwambiri, Christina Maslach wa ku California, anapanga mafunso oyesera kulema kumeneku m'chaka cha 1981. Tsono m'chaka cha 2019 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalemba vutoli m'buku lake. Silinalitche nthenda, koma linati ndi vuto lobadwa pa nchito, munthu akapanikizika nthawi yaitali popanda chomupeputsa.

Zizindikiro zake ziripo zitatu. Choyamba, mphamvu zitha, ndipo kupumula kwa Lamulungu sikuzibweza. Chachiwiri, mtima uchoka pa nchito. Namwino amene kale anali kulandira odwala ndi chifundo ayamba kuwaona ngati katundu womsautsa. Mphunzitsi amene anali kudziwa dzina la mwana aliyense angolemba pa bolodi osatembenuka. Chachitatu, munthu ayamba kudziyesa wopanda pake, nati, "Zonse ndichitazi zithandiza yani?" Dziwani kuti uwu si ulesi. Waulesi sanayakepo moto n'kale lomwe, koma nkhuni imene isanduka phulusa ndi imene inayaka kolimba. Kawirikawiri ogwidwa ndi vutoli ndiwo anchito okhulupirika aja.

Nanga chichititsa n'chiyani? Mai Maslach pamodzi ndi mnzake Michael Leiter anapeza magwero asanu ndi limodzi. Loyamba ndilo kuchuluka kwa nchito, munthu mmodzi posenza katundu wa anthu atatu. Lachiwiri ndilo kusowa ufulu, pamene munthu wodziwa nchito yake saloledwa kuganiza yekha ngakhale pa kanthu kakang'ono. Lachitatu ndilo kuchepa kwa mphotho, kaya ndalama, kaya mau oyamika. Akulu a ku Chitungwiza akumbuka chaka cha 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu, ndipo aphunzitsi ndi anamwino ambiri anasiya nchito napita ku South Africa ndi ku Botswana. Lachinai ndilo kusamvana ndi anzako a pa nchito. Lachisanu ndilo kukondera, kapitawo akamakweza mbale wake nasiya woyenera. Lachisanu ndi chimodzi ndilo kugwira nchito yotsutsana ndi chikumbumtima chako, monga kuuzidwa kuti unamize ogula.

Tsono chinthu choyamba chimene munthu wolema ayenera kuchita ndicho kukhala pansi ndi kufunsa kuti, "Pa zisanu ndi chimodzi izi, chirikundidya ine ndi chiti?" Sing'anga wanzeru sapereka mankhwala asanadziwe pamene pakuwawa. Ngati vuto ndi kuchuluka kwa nchito, kambani ndi bwana wanu mwaulemu, mutakonzeratu mau anu, ndipo tengani tchuthi. Lamulo la anchito la Zimbabwe lipatsa munthu wolembedwa nchito masiku a tchuthi cholipidwa okwana monga mwezi umodzi pa chaka, ndiponso tsiku lathunthu lopumula pa mlungu uliwonse. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena aopa kupempha. Inu amene mudzilemba nokha nchito, ogulitsa pa msika wa Chikwanha ndi okonza galimoto m'mbali mwa mseu, palibe bwana wokupatsani tchuthi. Muyenera kudzipatsa nokha.

Chachiwiri, musasunge zimenezi mumtima nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anzathu a Chishona ali ndi mau akuti kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. M'chaka cha 2006 dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, anayamba ku Mbare nchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pabwalo la chipatala, kumvetsera mavuto a munthu, ndi kumthandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulimbana nalo. Pambuyo pake nchitoyi inafika ndi ku zipatala za ku Chitungwiza. Ndipo ngati chisoni chakula kotero kuti munthu sadya, sagona, kapena aganiza zodzipha, ameneyo apite kwa dokotala msanga, pakuti imeneyo ndi nthenda yofuna chithandizo.

Koma nthawi zina tchuthi sichikwanira, ndipo kukamba ndi bwana sikusintha kanthu, chifukwa nchitoyo ndi munthuyo n'zosayenerana. Pamenepo afunika kufuna nchito yina. Kodi aifune bwanji? Pano ndikuuzeni mbiri ya Mchewa mnzathu amene anakhala zaka zambiri pakati panu ku Chitungwiza, malemu Fanizani Akuda, amene ena anali kumutcha Fanizani Phiri.

Bambo Akuda anabadwa m'chaka cha 1932 kufupi ndi Chipata, m'dziko limene lero litchedwa Zambia. Sanapite ku sukulu. M'chaka cha 1949 anadza ku Southern Rhodesia kudzafuna nchito, monga anachitira anyamata ambiri a masiku amenewo. Anatola thonje, anagwira nchito ya njerwa, analuka madengu, nafika pokhala woyang'anira munda wa mwini wake. Zaka 17 zinatha chotero. M'chaka cha 1966 anafika pa Tengenenge, kufupi ndi Guruve, pa munda wa Tom Blomefield, mlimi wa fodya. Nthawi imeneyo malonda a fodya anali ataonongeka, chifukwa maiko ena analeka kugula katundu wa Rhodesia boma la Ian Smith litadzilengeza lokha kukhala loima palokha mu November 1965. Pamundapo panali mwala wa serpentine, wokoma kusema, ndipo anchito a pamenepo, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Angola, anayamba kusema zifanizo.

Tsono imvani bwino apa. Bambo Akuda sanalembedwe monga wosema ai. Nchito yao yoyamba inali yokumba miyala kuti ena aseme. Atakhala pakati pa osemawo ndi kupenya machitidwe ao, anayesa okha, napeza kuti manja aja analuka madengu adziwanso kulankhula ndi mwala. Anali ndi zaka zopitirira 30 pamene anapeza nchito ya moyo wao. M'chaka cha 1975, nkhondo itakula, anachoka ku Tengenenge ndi banja lao nadzakhala kudera la Chitungwiza, kumene anasema kufikira imfa yao m'chaka cha 2011. Zosema zao zidziwika ndi nkhope zomwetulira, maso ong'ambika pang'ono, ndi timilomo toliza mluzu, ndipo zinaonetsedwa m'maiko a kutsidya kwa nyanja.

M'mbiri imeneyi muli maphunziro atatu. Loyamba: nchito yokondweretsa kawirikawiri siri kutali, iri pafupi ndi imene mulikugwira lero. Wokumba miyala anali pafupi ndi wosema. Kalaliki wotopa ndi mapepala mwina ndiye amene aphunzitsa bwino anyamata atsopano mu ofesi; woyendetsa kombi wotopa ndi mseu mwina akondwa akatsegula injini. Dzifunseni kuti, "Pa zonse ndichita tsiku lonse, ndi chiti chimene ndikachigwira dzuwa lithamanga osadziwa ine?" Lachiwiri: zaka zimene munagwira nchito zina sizinatayike, pakuti luso lirilonse munaphunzira mupita nalo. Lachitatu: khalani pafupi ndi anthu odziwa nchito imene muifuna. Ofuna kusema apite pa Chitungwiza Arts Centre akapenye amisiri. Ofuna ukalipentala kapena utelala apemphe mmisiri kuti azimthandiza Loweruka.

Koma ndikuchenjezeni. Musataye nchito lero chifukwa mwapsa mtima, ana ali pa sukulu ndipo mwini nyumba alikudikira lendi. Akulu anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Masiku ano nchito zolembedwa n'zosowa, ndipo ngakhale osema miyala adandaula pamene alendo ogula achepa. Kumbukiraninso kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: nchito ya mnzanu ioneka yopepuka chifukwa simuisenza ndinu. Chifukwa chake yambani pang'ono. Yesani nchito yatsopanoyo madzulo kapena pa tsiku lopumula kwa miyezi ingapo. Sungani kandalama, kaya m'banki kaya m'chipereganyu, kokwanira kudyetsa banja miyezi itatu kapena kuposapo. Kambiranani ndi akazi anu kapena amuna anu, pakuti akadzachepa ndiwo m'mbale adzamva nao njala ndi iwo. Mukaona kuti anthu ayamba kulipira chimene mupanga, ndipo mtima wanu ukali wokondwa nacho, pamenepo mungathe kutsazika kwa bwana mwaulemu, osatseka khomo ndi mwano.

Makolo athu anayenda pansi milungu yambiri kudzafuna nchito kuno, ndipo ambiri sanapatsidwe mwai wosankha. Ife tiwalemekeza chifukwa cha kupirira kwao. Koma kupirira sikutanthauza kuti munthu anyeke chete kufikira ana ake aiwale kuseka kwake. Usiku uno, musanagone, tengani pepala mulembepo chimene chirikukudyani pa zisanu ndi chimodzi zija, ndi chinthu chimodzi chimene mudzayesa Loweruka likudzali. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha.