Adiventi ku Chigwa cha Shire

Adiventi ndi nyengo yodikira Khirisimasi. Imayamba Lamulungu loyandikira 30 Novembala, ndipo ndi pomwe chaka cha Mpingo wa Katolika chimayambira. Mu Dayosizi ya Chikwawa, yomwe idakhazikitsidwa mu 1965 ndipo imafika mpaka ku Nsanje, nyengoyi imagwa dzuwa likuswa mtengo, maso a anthu ali kumitambo.

Mlimi wa ku Ngabu kapena ku Bangula sadikira mvula ali chikhalire. Amasosa munda, nasunga mbewu ya mapira ndi mchewere ngakhale nkhokwe itapepuka. Kudikira kwa Adiventi n'kotero: ndi ntchito, ndipo munda wake ndi mtima.

M'tchalitchi zinthu zimasintha. Wansembe amavala zapepo, nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu imayamba yalekeka pa Misa za Lamulungu, ndipo mawu a mneneri Yesaya ndi a Yohane Mbatizi amamveka kwambiri. Mpaka pa 16 Disembala, mapemphero amaloza kubweranso kwa Khristu pa mapeto a dziko. Kuyambira pa 17 m'pamene amatembenukira ku Betelehemu.

Mbali yolemera ya kukonzekaku ndi kulapa. Ansembe ndi ochepa, midzi ndi yotalikirana, choncho ntchito yambiri imatsalira akatekisiti ndi miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana tomwe maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, la mayiko a kum'mawa kwa Africa, adatilimbikitsa kuyambira mu 1973. Mumphakati munthu sabisala. Amene adakangana naye za malire a dimba amakhala naye pamphasa imodzi, ndipo mkazi wamasiye amene wagona ndi njala amadziwika dzina. Kupepesana kotereku n'kovuta kuposa kupeza mpunga ndi chitenje chatsopano cha pa Khirisimasi, koma ndiko kumaonetsa ngati mtima wakonzekadi.

Kuchigwa kuno mvula imadikiridwa ndi mantha omwe. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Anthu amene adagonapo m'misasa samva uthenga wa Adiventi wokhala tcheru ngati nthano, chifukwa akudziwa chomwe chimatha kufika usiku.

Lamulungu lachitatu la Adiventi ndi lachimwemwe, poti Khirisimasi yayandikira. Nyengo imatha madzulo a pa 24 Disembala, ndipo Misa ya usiku umenewo ndi ya Khirisimasi.