Mlatho wa Chitsulo wa pa Severn ndi Nyumba za Banja la Darby

M'chigawo cha Shropshire ku England, kufupi ndi tauni ya Telford, mtsinje wa Severn umadutsa m'chigwa chopapatiza chokhala ndi zitunda za nkhalango mbali zonse ziwiri, ndipo pamenepo pali mlatho umene umadziwika kuti ndi woyamba mwa milatho ikuluikulu padziko lonse kumangidwa ndi chitsulo chosungunula. Mlathowu unaimikidwa mu 1779 n'kutsegulidwa pa 1 Januwale 1781, ndipo tauni imene inakula m'mbali mwake inatengera dzina lake kwa iwo, lakuti Ironbridge, kutanthauza mlatho wa chitsulo. Alendo ambiri amangojambulitsa pamlathopo n'kubwerera, komabe mbiri yake imamveka bwino kwa munthu amene wapitanso kumudzi wa Coalbrookdale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi awiri, kumene kuli nyumba za banja la Darby, lomwe linasungunula chitsulocho.

Chitsulo chosungunula ndi chija amachitenthetsa m'ng'anjo mpaka chisanduke madzi, kenako n'kuchithira m'chikombole kuti chikazizira chitenge maonekedwe amene mmisiri akufuna. Kwa zaka mazana ambiri ng'anjo za ku England zinkagwiritsa ntchito makala a mitengo, monga momwenso ankachitira amisiri akale osula makasu kuno kwathu, ndipo nkhalango zikamachepa makalawo ankakwera mtengo. Malasha, omwe amakumbidwa pansi, analipo ochuluka m'chigwachi, koma sulufule wopezeka m'malashamo ankachititsa kuti chitsulo chizikhala chosalimba. Mu 1709 Abraham Darby woyamba, amene anachokera ku Bristol, anakwanitsa kusungunula chitsulo ndi malasha owotcheratu pamalo opanda mpweya wambiri kuti zosafunika zituluke, omwe pa Chingelezi amatchedwa coke. Njirayi inatsitsa mtengo wa chitsulo, ndipo katundu amene anayamba kumupindulitsa anali miphika ya miyendo itatu, yofanana ndi imene mabanja ambiri kum'mwera kwa Africa amaphikira mpaka lero.

Pofika zaka za m'ma 1770 chigwa chonse chinali chodzaza ndi migodi, ng'anjo ndi mafakitale a njerwa, koma anthu ndi katundu ankawoloka mtsinje pamabwato, zomwe zinkachedwetsa malonda makamaka madzi akasefukira. Mlatho wokhala ndi zipilala pakati pa madzi sukanatheka chifukwa ukanatsekereza mabwato a matanga onyamula katundu, choncho katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Shrewsbury, Thomas Farnolls Pritchard, anapereka ganizo lomanga mlatho wa uta umodzi wachitsulo. Nyumba ya Malamulo inavomereza ntchitoyi mu 1776, koma Pritchard anamwalira mu 1777 asanaone zotsatira zake, ndipo udindo wonse unagwera Abraham Darby wachitatu, mdzukulu wa woyamba uja, amene panthawiyo anali asanakwanitse zaka 30.

Mlendo wofika lero amawoloka wapansi komanso kwaulere, popeza magalimoto analetsedwa kudutsapo mu 1934 ndipo msonkho wa oyenda pansi unathetsedwa mu 1950. Msewu wa pamlathopo umakwera mpaka pakati kenako n'kutsetserekera kutsidya, ndipo munthu akaima pamwamba penipeni amaona nyumba za njerwa zitasanjikizana m'phiri, tchalitchi pamwamba pake ndi madzi akuyenda pansi patali. Kumpoto kwa mlathowu kuli hotela ya Tontine, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1780 kuti muzigona anthu obwera kudzaona chodabwitsachi, umboni wakuti malowa anayamba kukopa alendo kuchokera pachiyambi. Kum'mwera kuli kanyumba kolipirira msonkho, komwe mitengo yakale ya ngolo, akavalo, ziweto ndi anthu ikuonekabe pachikwangwani, pamodzi ndi lamulo lakuti asilikali ngakhalenso a banja lachifumu ayenera kulipira ngati wina aliyense.

Luso lenileni limaoneka munthu akatsikira kanjira kodutsa kunsi kwa mlathowu n'kuyang'ana m'mwamba. Uta wake ndi wotalika mamita opitirira pang'ono 30, chitsulo chake chimalemera matani 378, ndipo zidutswa zake zilipo pafupifupi 1,700. Popeza panalibe amene anamangapo chinthu chachikulu chotere ndi chitsulo, amisiri anabwereka nzeru kwa akalipentala: anaboola zibowo m'zidutswa zina n'kulowetsamo nsonga za zinzake, anasema mano olumana ngati a m'makona a kabati, ndipo pomangitsa anakhomerera zikhomo zachitsulo. Zidutswa zambiri zinaumbidwa chilichonse pachokha kuti chikwane pamalo pake, motero munthu woyang'anitsitsa amaona kuti zimasiyana pang'ono kukula kwake.

Kulimba kwa mlathowu kunaonekera mu 1795, pamene madzi osefukira anawononga milatho yambiri pa Severn koma uwu n'kutsala chiimire, ndipo zimenezi zinachititsa akatswiri ena kuyamba kukhulupirira chitsulo. Vuto lake lalikulu lakhala nthaka ya m'mbali mwa chigwa, imene imatsetsereka pang'onopang'ono n'kumafinya utawo mpaka zitsulo zina kung'aluka. M'zaka za m'ma 1970 anayala konkire pansi pa mtsinje kuti magombe awiriwo asamayandikane, ndipo mu 2017 ndi 2018 bungwe la English Heritage linakonzanso mlatho wonse n'kuupaka utoto wofiirira, womwe ofufuza anaupeza kuti ndi umene unapakidwa poyamba, m'malo mwa wotuwa umene anthu anauzolowera.

Nyumba za banja la Darby zili paphiri loyang'anizana ndi malo amene panali ng'anjo, moti eni fakitale ankadzuka ndi utsi ndiponso phokoso lomwelo limene antchito awo ankalimva. Yoyamba ndi Dale House, imene inamangidwira Abraham Darby woyamba, yemwe anamwalira mu 1717 asanasamukiremo. M'nyumbayi muli chipinda chowerengera chokutidwa ndi matabwa m'makoma, momwe mdzukulu wake anakonzeramo ntchito ya mlatho, ndipo kuchepa kwa chipindacho kumadabwitsa munthu amene wangochokera kunsi kwa uta wa matani mazanamazana. Yachiwiri ndi Rosehill House, yomangidwa cha m'ma 1738, imene inakonzedwa kuti ioneke monga mmene inalili cha m'ma 1850, ndipo muli mipando, mbale zadothi, zithunzi ndi katundu wina amene anali wa banjali.

Chimene nyumbazi zimaphunzitsa kwambiri ndi chipembedzo cha eni ake. A Darby anali a mpingo wa Quaker, gulu la Akhristu lomwe linayamba ku England m'zaka za m'ma 1600, limene lilibe abusa odzozedwa, limapembedza mwakachetechete, limakana nkhondo ndipo limaphunzitsa kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Chifukwa chokhala kunja kwa mpingo wa boma, anthu a mpingowu sankaloledwa kukhala pa maudindo a boma kapena kulandira madigiri ku Oxford ndi Cambridge, choncho ambiri anaika mtima pa malonda ndipo anatchuka ndi kusunga mawu awo. N'chifukwa chake zipinda za nyumbazi n'zabwino koma zopanda matamando a anthu achuma a nthawi imeneyo, ndipo kumanda a mpingowu, omwe ali chakumtunda pang'ono, miyala ya pamanda ndi yosakongoletsedwa, ya mwini fakitale ndi ya munthu wamba chimodzimodzi. Amene waona zimenezi amamvetsa bwino chikwangwani chija cholipiritsa ngakhale banja lachifumu.

Nyumbazi zimakumbutsanso kuti ntchito yotchuka imakhala ndi wina amene anaisenza. Mlathowu ankayembekezera kuti udya mapaundi 3,200, koma unadya pafupifupi 6,000, ndipo popeza Abraham Darby wachitatu anali atalonjeza kulipira ndalama zopitirira, anakhala ndi ngongole mpaka pamene anamwalira mu 1789 asanafike zaka 40. Pakati pa nyumbazi ndi mtsinje pali chotsalira cha ng'anjo yakale ija, chimene tsopano chinafunditsidwa denga, ndipo alendo ena akaima pamenepo amakumbukira kuti kuwotcha malasha kochuluka, komwe kunabweretsa njanji, makina ndi milatho, n'komwenso kwathandizira kusintha kwa nyengo kumene alimi a mayiko osauka akuvutika nako.

Ulendo wokwanira umayambira pamlatho, kutsikira kunsi kwake, kenako kulowera ku Coalbrookdale kukaona ng'anjo, nyumba ziwirizo ndi manda, ndipo umafuna tsiku lathunthu kwa munthu wosafuna kuthamanga. Bungwe la UNESCO linaika chigwa chonsechi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1986, m'gulu loyamba la malo a ku Britain kulandira ulemu umenewu.