Galimoto Yamagetsi Pakhomo: Mlonda Amene Angachite Khungu

Ku Britain, kumene galimoto zoyendera magetsi zachuluka, kuika chaja pakhoma la nyumba si ntchito ya munthu wamba. Chaja yotere imakoka 32 A pa 230 V kwa maola ambiri, eni nyumba ali mtulo. N'chifukwa chake malamulo a BS 7671, m'chigawo 722, amafuna kuti chaja iliyonse ikhale ndi mlonda wakewake wotchedwa RCD. Mlondayu amayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo akaona kuti 30 mA yasochera, kapena kudzera m'thupi la mwana wogwira chitseko cha galimoto, amazimitsa nthawi yomweyo.

Tsono apa m'pamene pagona nkhani, owerenga athu. Batire ya galimoto imasunga magetsi oyenda njira imodzi, a DC. Magetsi ameneŵa akadontha kupitirira 6 mA, amakhutitsa kachitsulo ka maginito m'kati mwa RCD wamba, mlonda uja nachita khungu, ngakhale kunja aoneka wamoyo. Choncho mmisiri amaika RCD ya Type B, yokwera mtengo ndithu, kapena ya Type A pamodzi ndi kachipangizo kozindikira 6 mA, kamene machaja ambiri masiku ano amabwera nako m'mimba.