Nyumba Ikakalamba: Kwathu ndi Kwina

Munthu wofika pa Mandala mu Blantyre, pamene nyumba ya African Lakes Corporation yaima chiimire kuyambira 1882, makoma ake ali a zidina ndipo khonde lake lili lotambalala, sangalephere kudzifunsa chifukwa chake m'dziko muno nyumba zofika msinkhu wotere n'zowerengeka, pomwe ku England banja limagona m'nyumba ya zaka 300 osaonapo chachilendo. Ena amafulumira kuyankha kuti ife sitidziwa kusamala zinthu; koma oyankha chotero sanayang'anitsitse m'mene makolo athu ankakhalira ndi nyumba zawo.

Pakuti kwa makolo, kumanga nyumba sikunali ntchito yotha. Dzuwa likayamba kuswa mtengo, mvula isanagwe, abambo ankasasula denga, nachotsa phaso lofumbwa, namanga lina ndi luzi, nafolera udzu watsopano. Amayi nawo ankatapa dothi lakuda kudambo, nazira pansi ndi pakhonde, nasalaza ndi mwala kufikira ponsepo pali see, ndipo aluso ankalemba chipupa ndi dothi lofiira ndi loyera. Mwini wake akatsikira kuli chete, m'midzi yambiri ya Achewa nyumbayo inkagwetsedwa, chifukwa chimene ana ankalandira kwa akulu awo chinali luso la manja, osati chipupa. Sitili tokha pa mwambo umenewu: ku Djenné m'dziko la Mali mzinda wonse umasonkhana chaka ndi chaka kumata mzikiti wawo waukulu wadothi, ndipo ku Ise m'dziko la Japan kachisi amamangidwa mwatsopano zaka 20 zilizonse, monga anachitira mu 2013, kuti amisiri achikulire aphunzitse anyamata asanamwalire.

Angerezi anatsata njira ina. William Morris, poona akatswiri a m'masiku ake akupala matchalitchi akale ndi kuwaveka maonekedwe onyenga, anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale mu 1877, nalimbikira kuti chowonongeka chikonzedwe koma chokalamba chisiyidwe ndi ukalamba wake. Ndipo lero lino mwini nyumba yolembedwa m'kaundula wa boma sangasinthe ngakhale mazenera popanda chilolezo. Ku South Africa lamulo la 1999 limateteza nyumba iliyonse yopitirira zaka 60. M'nyumba wamba za ku London, komwe lamulo silimanga manja, okonzanso amagumula chipupa cholekanitsa khitchini ndi pabalaza kuti ophika ndi ocheza aonane, komabe matabwa akale a pansi amawapala ndi kuwapaka mafuta, ndipo njerwa zakale amazisiya poyera ngati chinthu chonyadira.

Nanga ife lero? Ndalama zikabwera kuchokera ku Joni, kapena bambo akapuma pa ntchito, choyamba ndi malata, kenaka simenti, matailosi, siling'i ndi penti. Sindingamuweruze munthu wotere, pakuti udzu wabwino ukusowa, denga laudzu limadontha ndi kupsa, ndipo mayi amene wazira pansi moyo wake wonse, msana uli wowerama, ali ndi ufulu wofuna pansi pongokolopa. Zimene zimandiwawa mtima ndi zinthu ziwiri zokha. China ndi khonde, limene ambiri akulitseka ndi njerwa kuti apeze chipinda cha ana kapena cha lendi, osakumbukira kuti khondelo ndilo linkatchinga chipupa ku mvula yowomba ndi kudzetsa mthunzi, ndipo ndi pomwe alendo ankalonjeredwa ndi milandu ya pabanja inkakambidwa. Likachoka, nyumba yamalata mu Okutobala salowamo masana.

China, chachikulu koposa, ndi pulasitala wa simenti pa chipupa cha zidina. Dothi limamwa chinyezi ndi kuchitulutsa. Likaphimbidwa ndi simenti, madzi okwera kuchokera m'nthaka amasowa potulukira, zidina zimafewa m'kati mwakachetechete, chiswe chimapeza njira yosaoneka, ndipo tsiku lina mvula yamvumbi ikagwa, chipupa chimene dzulo lake chinali chowala ndi penti chimangoti khophwo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Eni nyumba zadothi za ku Devon ku England anapsa nacho chomwechi atazimata simenti, ndipo tsopano amalipira amisiri ndalama zambiri kuti aigumule ndi kubwezerapo laimu kapena dothi, zimene agogo athu ankachita popanda malipiro.

Amisiri odziwa kufolera bwino akadalipo, koma ambiri a iwo mukawafuna muwapeza ku malo ogona alendo ku Cape Maclear kapena ku Liwonde, kumene denga laudzu lili ndi mtengo wake. Kumudzi kwawo amapitako pa Khirisimasi, nakagona m'nyumba yamalata.