Kulimba mtima kumakhwima ngati mbande

Mlimi wa matimati wodziwa ntchito yake, kaya ku Ntcheu kaya ku Dedza, amachita chinthu chooneka ngati nkhanza mbande zikatsala pang'ono kuwokeredwa. Masabata onsewa wakhala akuzithirira m'mawa ndi madzulo, pamwamba pa bedi atamangapo kashedi ka udzu. Kukatsala sabata kapena masiku khumi, amayamba kusasula udzuwo pang'onopang'ono: lero zilawe dzuwa la m'mawa lokha, mkucha mpaka masana, kenako tsiku lonse. Madzi nawo amachepetsa. Masana mbande zimazyolika, madzulo n'kudzukanso. Uku ndiko kukhwimitsa mbande. Tsinde limalimba, masamba amakhuthala, ndipo mbewu yotere ikapita kudimba imagwira msanga. Imene yakulira pamthunzi mpaka tsiku lowokera imakhala yaitali ndi yofewa, yokongola m'maso, koma dzuwa la tsiku limodzi limaigoneka pansi.

Kulimba mtima kwa munthu kumabweranso chonchi, koma ambirife timayambira kumchira. Timati, "Ndikadzalimba mtima ndidzayankhula pamsonkhano, ndidzafunsira ntchito ija, ndidzayamba geni." Timadikira mantha athe kaye tili pamthunzi, pomwe mthunziwo ndi umene ukuwalera manthawo.

Tiyerekeze mayi wina wa mu banki m'khonde. Masamu amawadziwa, ndipo akuona kuti m'buku mwalakwika penapake. Mtima ukugunda, m'manja muli thukuta, kukhosi kwauma. Basi, angokhala chete, ndipo pompo thupi limamasuka. Vuto lagona pa kumasuka kumeneku, chifukwa maganizo amatolapo phunziro lakuti kukhala chete n'kumene kwawapulumutsa. Sabata yamawa kutsegula pakamwa kudzavuta kuposa lero.

Albert Bandura, yemwe anali katswiri wa za maganizo a munthu pa yunivesite ya Stanford ku America, anagwirapo ntchito ndi anthu oopa njoka kwambiri, ena mpaka kumazilota usiku. Iye sanawanyengerere ndi mawu akuti "musaope". Ankayamba ndi kuwaimika kuseri kwa galasi kuti aonerere munthu wina atanyamula njoka yopanda ululu. Kenako anthuwo ankasendera pakhomo la chipindacho, n'kufika pafupi ndi bokosi la njokayo, n'kuikhudza atavala magolovesi, mpaka kuinyamula ndi manja awo. Ambiri ankafika pamenepa m'maola ochepa. Mu 1977 Bandura analemba kuti mwa zonse zimene zimachititsa munthu kukhulupirira kuti angathe, champhamvu kwambiri ndi kuchita yekha chinthucho n'kuona kuti chatheka. Kuonera mnzako kumathandiza, mawu olimbikitsa amathandizako pang'ono, koma mtima umakhutira ukaona ntchito ya manja ako.

Pamene ine ndimaikapo mtima kwambiri ndi pa muyeso. Uphungu wakuti "siya zonse lero, ingolowa" umamveka bwino pa wailesi ndi pa Facebook, koma ungathe kupweteketsa munthu. Palibe mlimi amene amazula mbande pamthunzi n'kukaiika padzuwa la Okutobala masanasana. Amawokera madzulo, phando lili lonyowa, mizu ili ndi dothi lake. Mwana wamanyazi akakankhidwira kutsogolo kwa sukulu yonse pa asembule, mawu n'kumuthera, anzake n'kuphulika nacho chiseko, amachokapo atatsimikiza kuti mantha ake ankanena zoona. Sitepe yoyenera ndi imene imagunditsa mtima koma miyendo n'kumayendabe.

Mayi wa banki m'khonde uja angayambe ndi kuitana mayina a mamembala ali chikhalire. Sabata ina awerenge mokweza masheya amene aliyense wagula. Ikatha imeneyo afunse funso limodzi lokha: "Amayi a Mlembi, tabwerezani pa ngongole paja, sindinamve bwino." Mawu adzanjenjemera ndithu, ndipo palibe cholakwika. Chofunika n'chakuti asadule nkhani pakati n'kuthawa, chifukwa mantha amakwera, kufika pachimake, kenako amatsika okha munthu akakhalabe pomwepo. Wothawa mantha ali pamwamba saona kutsika kwake. Kamodzinso sikakwana. Mbande sikhwima ndi dzuwa la tsiku limodzi.

Chimandiwawa n'chakuti shedi yambiri timamanga ndife makolo, ndipo timaimanga mwachikondi. Mlendo akafunsa mwana dzina, timayankha ndife. Kuchipatala dokotala akafunsa mtsikana wa zaka 15 pamene pakupweteka, amayi ake alongosola kale zonse. Ulemu wosadula akulu pakamwa ndi wabwino, tiusunge, koma mwana amene sanapatsidwepo mpata wonena maganizo ake pakhomo sangadzawanene pamaso pa anthu asanu omuyesa ntchito. Tikatero timangoti, "Mwana uyu ndi wamanyazi chibadwire." Mutumeni akanenerere yekha mtengo wa usipa kumsika. Pemphero la chakudya atsogolere iye. Alendo akabwera, awalonjere ndi kucheza nawo inu muli pambali.

Pali pamodzi pamene mbande ndi munthu amasiyana. Mbande ilibe chonena, udzu amauchotsa ndi mlimi. Munthu wamkulu nthawi zambiri amayenera kuusasula yekha, ndipo chifukwa chakuti wasankha yekha, phindu lake silithera pa chinthu chimodzi chimene wayesacho. Bandura atawalondola anthu ake aja patapita nthawi, ena anamuuza kuti ayamba kuchita zinthu zina zimene ankazipewa kale, zosakhudzana n'komwe ndi njoka, monga kuimirira n'kuyankhula pagulu.