Wopita ku sukulu ku Brazil si wopita ku Joni

Mbiri ikangomveka m'mudzi kuti mwana wa uje wapeza malo pa yunivesite ya ku Brazil, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Azakhali amayamba kuwerengera malata, amalume amatchula za ngolo ndi ng'ombe ziwiri, achimwene nawo amaitanitsiratu foni munthu asanaione n'komwe ndege. Izi n'zosadabwitsa. Ku Angónia, Tsangano ndi Makanga munthu wopita kutali wakhala akudziwika ngati wokasaka chuma. Agogo ankapita ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo ankabwerako ndi njinga, wayilesi ndi sutikesi yolemera.

Koma ulendo wa mwana wa sukulu ndi wina. Pa miyezi yoyambirira ndalama zimayenda chobwerera: zimachoka kumudzi kupita kunja, ndipo banja lomwe silinadziwiretu zimenezi limamuika mwana wawo pa moto.

Makomo odziwika olowera ku Brazil alipo awiri. Loyamba ndi pangano lotchedwa PEC-G, lomwe boma la Brazil linakhazikitsa mu 1965 pofuna kulandira ophunzira a m'mayiko ena m'mayunivesite ake. Lachiwiri ndi yunivesite ya UNILAB, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010 ndi kuyamba kuphunzitsa mu 2011, cholinga chake chili kuphunzitsa ana a ku Brazil pamodzi ndi a ku Mozambiki, Angola, Guiné-Bissau, Cabo Verde, São Tomé e Príncipe ndi Timor-Leste. Likulu lake lili m'katawuni kakang'ono ka Redenção m'chigawo cha Ceará, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera mu mzinda wa Fortaleza. Kumeneko kuli maphunziro a zaulimi, unamwino, uphunzitsi ndi ena.

Konse kuwiri fizi palibe. Koma ulerewo umathera pa khomo la kalasi. Pasipoti, viza ndi ulendo wa ku Maputo komwe kuli ofesi ya kazembe wa Brazil, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Tete, zonsezi zimafuna thumba la makolo. Pa PEC-G pamafunikanso munthu wosainira chikalata cholonjeza kuti azimutumizira mwanayo ndalama zodyera ndi zogonera mwezi ndi mwezi. Siginecha imeneyi si yongothandizira kuti mapepala adutse ayi. Wosainayo adziwe kuti wasenza katundu wa zaka zinayi kapena zisanu.

Mwana akatera, sukulu yake yoyamba imakhala ya mapepala. Lamulo limati mlendo wa viza ya maphunziro akalembetse ku Polícia Federal pasanathe masiku 90, kuti alandire chiphaso cha mlendo wokhala m'dzikomo. Palinso nambala yotchedwa CPF, yomwe munthu aliyense ku Brazil amakhala nayo. Popanda iyo n'kovuta kutsegula akaunti ku banki, kulembetsa nambala ya foni kapena kuchita lendi nyumba. Tsono apa ndi pomwe pagona vuto. Ku UNILAB kuli thandizo la ndalama kwa ophunzira osowa, la nyumba ndi la chakudya, koma munthu amayenera kulipempha, kudikira yankho, ndi kukhala ndi akaunti yoti lilowemo. Pakati pa tsiku lofika ndi tsiku lomwe ndalama yoyamba ilowe pamapita nthawi, ndipo m'mimba simudikira. Banja lanzeru limagulitsiratu matumba angapo a nyemba kapena mbatatesi n'kusunga padera ndalama ya miyezi itatu yoyambayo, m'malo moithera pa phwando lotsanzikana.

Za pogona nazo n'zosiyana ndi sukulu zogonera komweko zomwe anthu anazolowera. Ophunzira ambiri amachita lendi m'tawuni, atatu kapena anayi nyumba imodzi, n'kumagawana za magetsi, madzi ndi gasi. Eni nyumba ena amafuna chikole, ena amafuna munthu wa komweko woti aimire mlendoyo ngati atalephera kulipira. Kodi mwana wa ku Domwe wofika dzulo munthu wotere amutenga kuti? Omwe amapulumutsa zinthu ndi anzake omwe anafika kale. Iwo ndiwo amamulandira, kumugoneka pa matilesi pabalaza, ndi kumulozera khomo la ofesi iliyonse. N'chifukwa chake nambala ya foni ya wophunzira mmodzi wa ku Mozambiki yemwe ali kale kumeneko imaposa sutikesi ya zovala zatsopano. Majuzi a chisanu cha mu Juni angowasiyira azing'ono ake, poti ku Ceará kumatentha chaka chonse.

Pa chakudya sipakhala njala koma chilendo. Pa yunivesite pali malo odyera otsika mtengo, ndipo mbale ya tsiku ndi tsiku ndi mpunga ndi nyemba, pamwamba n'kuwaza ufa wa chinangwa wokazinga. M'mawa anthu a ku Ceará amadya cuscuz, ufa wa chimanga chachikasu wophikidwa ndi nthunzi. Mwana wokulira nsima amadya zonsezi n'kukhuta, koma mtima umati sanadye. Pakapita milungu amatulukira kuti m'sitolo muli ufa wotchedwa fubá, womwe umavundulika ndithu. Nthawi zambiri umakhala wachikasu, wonga wa chimanga chachithandizo chija akuluakulu amachikumbuka cha pa chilala cha 1992. Nkhwani ndi chisoso za pa msika aiwale, koma couve alipo, dzina lake lomwelo. Tsiku lomwe waphika nsima yake yoyamba, ngakhale ndi supuni m'malo mwa mthiko, ndi pomwe ambiri amayamba kumva kuti akhazikika.

Chomwe chimadabwitsa kwambiri ndi chiyankhulo. Mwana amachoka kuno atakhoza Chipwitikizi cha kalasi 12, akuganiza kuti mbali iyi yokha alibe nayo vuto. Akafika amapeza kuti machimbombo ndi ônibus, matabicho ndi café da manhã, telemóvel ndi celular, ndipo anthu amayankhula mothamanga ndi kamvekedwe kena. Mawu ena ndi msampha weniweni. Mawu oti rapariga, omwe kuno amangotanthauza mtsikana, ku Ceará ndi chipongwe chachikulu, ngati kumutcha munthu hule. Kumeneko amati moça. Mzere wa pa banki, womwe kuno ndi bicha, kumeneko ndi fila, poti bicha ndi mawu onyozera mwamuna. Mnyamata waulemu wake akhoza kupalamula tsiku loyamba lomwe asakudziwa chomwe walakwa. Chinyanja nacho chimasowa woyankhula naye. Ophunzira a ku Guiné-Bissau, omwe ndi ochuluka pa UNILAB, amacheza m'Chikiriyolo chawo, ndipo mnzake wa ku Mozambiki akhoza kukhala wa ku Maputo woyankhula Chichangana.

Mumsewu, kusiyana konseku kumafufutika. Wa ku Ulongwe, wa ku Bissau ndi wa ku Luanda onse amangotchedwa africano. Ena amamulandira bwino, ena amamufunsa mafunso opusa a mikango ndi njala, ndipo tsankho la khungu liliko ngakhale dzikolo lili ndi anthu akuda ochuluka zedi. Mbiri ya malowo imathandiza kumvetsa. Tawuni ya Redenção inamasula akapolo ake pa 1 Januwale 1883, zaka zisanu dziko lonse la Brazil lisanathetse ukapolo mu 1888, ndipo n'chifukwa chake yunivesiteyi inamangidwa kumeneko. M'zaka za m'ma 1800 zombo zochokera ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique zinatengera ku Brazil anthu zikwizikwi, ena mwa iwo ogwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi kumtunda kwake. Mwana wa kuno akuyenda njira yomwe makolo ena akale anayenda atamangidwa.

Akadwala asabise poopa ndalama. Zipatala za boma za ku Brazil, zomwe amazitcha SUS, zimathandiza mwaulere ngakhale mlendo. Matenda ovuta kuwaona ndi a mumtima: kusowa tulo, kudzitsekera m'chipinda, kujomba ku kalasi. Ndipo kulephera mayeso kumeneko si nkhani yamasewera. Chilolezo chokhalira m'dzikomo chimadalira umboni woti munthu akadali pa sukulu. Mwana yemwe pa foni iliyonse akumva za feteleza, za fizi ya mng'ono wake ndi za denga lodontha, amasiya mabuku n'kuyamba kusaka maganyu, kapena amangosiya kuyankha foni chifukwa cha manyazi. Kumudzi amati wayamba kunyada, pomwe iye wagona ndi tiyi.

Pali nkhani inanso yomwe mabanja sakonda kuikamba mwana asananyamuke, ya maliro. Ulendo wochokera ku Fortaleza kufika ku Tete ndi wosintha ndege kangapo, ndipo mtengo wake wophunzira sangaukwanitse mwadzidzidzi. Ambiri amabwerera kwawo maphunziro atatha basi. Ndi bwino akuluakulu a banja agwirizaniretu kuti zovuta zikagwa adzamuuza ndani ndiponso motani, kuti asadzamve za imfa ya agogo ake pa chithunzi cha pa WhatsApp ali yekha m'chipinda, komanso amuuziretu kuti palibe adzamuimbe mlandu chifukwa chosabwera kudzaika.

Za nthawi yoimbira foni nazo zadanitsa anthu pachabe. Ceará ili m'mbuyo ndi maola asanu. Mayi akamaliza kutsuka mbale 7 koloko madzulo, kumeneko ndi 2 koloko masana ndipo mwana ali m'kalasi. Iye akamapeza mpata 9 koloko usiku, kuno ndi 2 koloko ya m'bandakucha, mudzi wonse uli mtulo. Nthawi yabwino ndi Lamulungu anthu akaweruka ku tchalitchi: kuno dzuwa lili paliwombo, kumeneko mwana wangodzuka kumene.