Kansa ya khomo la chiberekero ikabwerera, ulendo ndi wa ku Beira kapena Maputo

TETE. Pabwalo la ndege la Chingodzi pamanyamuka ndege zopita ku Maputo. Koma mayi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene wapatsidwa kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, kawirikawiri amayenda pansi: makilomita oposa 600 kukafika ku Beira, oposa 1,500 kukafika ku Maputo.

Kansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira amayi ambiri kuposa kansa ina iliyonse ku Moçambique. Mu 2020 amayi oposa 5,000 anadwala nthendayi ndipo pafupifupi 4,000 anamwalira. Kwa ena imabwerera atachitidwa kale opaleshoni, kapena imafalikira kumapapo, kuchiwindi ndi m'mafupa. Zizindikiro zake ndi kutaya magazi, chikazi chonunkha, msana wosaleka kupweteka ndi kutupa mwendo.

Zikafika apa, madotolo amapereka mankhwala amphamvu amene pa Chipwitikizi amati quimioterapia. Nthawi zambiri amaphatikiza awiri: paclitaxel ndi cisplatin kapena carboplatin. Amalowa mumtsempha kudzera m'diripi, kamodzi pa masabata 3 alionse, mwina mpaka maulendo 6. Asanapereke amayamba ayeza magazi ndi impso. Magazi akachepa, tsiku limasunthidwa.

Achibale ayenera kumva zoona: kansa yofalikira sichiritsika kawirikawiri. Ntchito ya mankhwalawa ndi kufwetsa chotupa, kuchepetsa magazi ndi ululu, ndi kuonjezera masiku a moyo. Tsitsi limathothoka, mseru umabwera, thupi limafooka. Uku sikulodzedwa ayi, ndipo tsitsi limameranso. Koma wodwala akatentha thupi, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa thupi limakhala lopanda chitetezo chokwanira. Amene amamwa ma ARV asaleke.

Chovuta china ndi ndalama. Ulendo si umodzi, choncho banja likhale pansi msanga, ligwirizane za womuperekeza, kogona ndiponso wosamala ana ndi munda. Makina ootcha kansa anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo mu 2019.

Njira yaifupi ndi kupewa. Kuyeza khomo la chiberekero ndi vinagre kumatenga mphindi zochepa, ndipo mu 2021 boma linayamba kubaya atsikana a zaka 9 katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa kansayi. Mayi amene ali ndi HIV ayezetse pafupipafupi, pakuti kansayi imam'gwira msanga.